Latsala Dzanja la Abambo Lokha

Lachiwiri, 2 Disembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye amene amatisunga ngakhale pamene sitikuyenera. Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino, ndiponso kuti mwendo wa amayi wasiya kutupa. Ine kuthupi ndilibe vuto, kupatula chimfine chimene ndinatengera m'ndege.

Mudabwa kulandira kalata ya papepala kuchokera kwa munthu amene m'nyumba mwake muli mafoni ambiri kuposa mbale. Ndayesa kangapo kukulemberani pa foni, koma ndikafika pa nkhani yeniyeni chala chimathamangira kufufuta. Pepala lilibe batani lofufutira, n'chifukwa chake ndalisankha.

Kuntchito kwavuta. Kumapeto kwa chaka makampani amatulutsa mafoni atsopano nthawi imodzi ngati anachita kupangana, ndipo akonzi athu amafuna kuti ndemanga ya foni iliyonse ituluke pa tsamba lathu ena asanatipitirire. Pabalaza panga padzaza makatoni, pampando wa alendo pamakhala machaja. Ndimadya chiimire, diso lili pa batire kuona ngati latsika. Tsiku lina ndinamaliza pemphero la m'mawa n'kuzindikira kuti mahedifoni ali m'makutu, nyimbo yoyesera ikulirabe. Koma sindinatenge cholembera kuti ndidandaule za ntchito. Ndikungozungulira ngati galu wofuna pogona.

Nkhani ndi ya zithunzi za abambo.

Mukukumbukira tsiku lija tinasonkhana kunyumba kukondwerera zaka za ukwati wa amayi ndi abambo, patatsala pang'ono kuti abambo atisiye. Alamu ananena kuti tiitane wojambula, ine ndinakana. Ndinati, "Wojambula wa chiyani, alamu? M'thumba mwangamu muli foni imene ngakhale m'sitolo sinafike." Abambo anaseka n'kunena kuti, "Musiyeni Mabatani. Anatiwonongera mawailesi ali mwana, lero tione phindu lake." Ndinajambula tsiku lonse. Abambo atavala jekete imene anasoka okha. Amayi akuwakonza kolala, iwo akuti, "Mayi, mundinyonga anthu akuona." Adzukulu atawakwera pamiyendo. Pemphero lotsekera ndinalitenga kanema, mawu awo onse mpaka pa ameni.

Chimene sindinakuuzeni n'chakuti foniyo sinali yanga. Ntchito yathu imayenda chonchi: kampani imatibwereka foni isanatuluke pamsika, timaiyesa, timalemba, kenako timabweza. Salola kuti uilumikize ndi akaunti yako, choncho zimene wajambula zimakhala m'foni momwemo basi. Ndipo usanaibweze umayenera kufufuta zonse kuti ibwerere ngati yatsopano. Ndachita zimenezi kambirimbiri, moti zala zimachita zokha mutu uli kwina.

Nditabwerera kuno ndinasankha zithunzi zochepa zoika mu ndemanga, n'kuzikopera pa kompyuta. Lamulo lathu n'lakuti nkhope ya munthu sitiika popanda chilolezo chake, ndiye ndinasankha zopanda nkhope. Zotsalazo ndinati ndikopera mawa. Mawa lakelo akonzi anaimba: "Mnzako wadwala, ku chionetsero cha mafoni upita ndiwe. Ndege ndi ya masana." Ndili mkati molonga chikwama ndinamva hutala panja. Anali bambo wa njinga yamoto amene amatolera katundu wa kampani. "Bwana, ndili ndi kwina kopita, mukachedwa ndinyamuka!" Ndinatulukira pakhonde nsapato imodzi kuphazi, pasipoti nditaluma kukamwa.

Achemwali, foni inandifunsa. Mafoniwa amafunsa ndithu: kodi mukutsimikiza kuti mufufute zonse? Ndinavomera osawerenga, ndikumuuza bamboyo kuti asanyamuke. Ndinaiika m'katoni mwake, ndinamata, ndinamuthokoza. Ndinadzakumbukira ndili m'ndege nditamanga kale lamba. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa ngati ndimaopa ndege, chifukwa thukuta linangoti kamukamu.

Nditatsika ndinaimbira a kampani. Anandiyankha mwaulemu kuti foniyo yapita kale kwa wolemba wina, ndipo ngakhale ikanakhalapo, zofufutidwa mwanjira imeneyo sizibwerera. Ndinkadziwa. Ineyo ndinalembapo nkhani yoyamikira kuti mafoni amakono akafufuta amafufutiratu.

Ndinati ndikuuzani ndikapeza mawu. Ndisanawapeze, abambo anagonekedwa m'chipatala, ndipo zotsatira zake mukuzidziwa. Pamaliro amayi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Bola iwe mwana wanga unawajambula akuseka." Ine ndinati, "Eya, amayi." Bodza linabadwira pamenepo, ndipo ndalilera mpaka lakula. Kwa inu ndinati intaneti ikuvuta. Kwa alamu ndinati ndikuzikonza kuti ziwale. Kwa amayi ndinati ndidzabwera nazo pa tchuthi zitatsukidwa kale. Sabata yatha amayiwo anandiuza pa foni kuti agula felemu, ndipo asankha khoma loyang'anana ndi pamene pali makina osokera a abambo. Anafunsa kuti, "Chija ndikuwakonza kolala chinatuluka bwino?" Ndinati chinatuluka bwino kwambiri. Mulungu andikhululukire.

Zimene zatsala ndi izi: duwa la pakhonde, nsalu ya patebulo, keke yodulidwa, ndi dzanja la abambo litagwira kapu ya tiyi. Chipsera chija singano ya makina inawabaya pachala chikuoneka bwinobwino. Chithunzichi chili pa tsamba lathu mpaka lero, ndipo pansi pake ndinalemba ndekha kuti, "Taonani mmene kamerayi ikuonetsera makwinya onse a khungu." Anthu osawadziwa anayamikira kamera. Bambo anga ondibereka ndinawasandutsa chitsanzo cha makwinya, nkhope yawo n'kuitaya.

Tsopano za tchuthi. Pa msonkhano wa kuntchito akonzi anafunsa amene angapite ku chionetsero china chimene chikugwera pa masiku opuma. Aliyense anayang'ana pansi, wina anayamba kupukuta magalasi. Ine ndinakweza dzanja asanamalize n'kufunsa komwe. Akonzi anati, "Mwaona? Uyu ndiye amaidziwa ntchito." Anzanga anawomba m'manja posangalala kuti apulumuka. Silinali khama, Achemwali. Ndinkafuna chifukwa chomveka chosabwerera kunyumba, choti amayi akamva anene kuti mwana wawo watanganidwa.

Lamulungu kutchalitchi kunali mgonero. Anthu a pa benchi yathu anaimirira, ine sindinadzuke. Ndinakhala ndekha ngati mlendo, anthu akundilambalala mawondo. Titaweruka ndinatsalira, n'kuwafotokozera abusa zonse. Ndinkayembekezera kuti andipempherera kenako ndizipita nditapepukidwa. Iwo anangondiyang'ana n'kuti, "Mulungu wamva kalekale, mwana wanga. Amene sanamve ndi amayi ako."

Dzulo ndinalowa mu ofesi ya akonzi kukabweza ulendo uja. Anakalipa: "Iwe, tikiti tagula kale! Dzanja lija unakweza linali la ndani?" Ndinati linali langa, koma ndinalikweza molakwika. Apereka ulendowo kwa mnzanga, amene kuyambira dzulo sakundiyankha moni. Mwina sadzanditumanso kunja msanga. Zimenezo ndazilandira.

Choncho ndikubwera. Ndifika Loweruka loyamba la tchuthi pa basi ya m'mawa. Ndikupemphani kuti nkhaniyi musawauze amayi, ndidzawauza ndekha ndi pakamwa pomwepa pamene panawanamiza. Koma mudzakhale nafe m'chipindamo. Ndikudzidziwa, ndikadzaona nkhope yawo ndikhoza kuyambanso za intaneti. Mukadzaona ndikukhota, mudzangonditchula dzina.

Pali chinanso chimene ndikuchita nacho manyazi kuposa zonsezi. Tsiku lija abambo akudula keke, ndinakuonani mutakweza foni yanu yosweka galasi ija, ndipo ndinakusekani pamaso pa ana anu. Ndinati, "Achemwali, tsitsani kachinthu kanuko, kamajambula anthu ngati ali mu utsi." Munatsitsa. Pepani. Sindikudziwa ngati munali mutadina kale kapena ayi. Chonde tayang'ananimo. Ngakhale chikhale cha mdima, ngakhale abambo akhale atatsinzina, ngakhale chala chanu chitchinge theka, musachifufute. Ndipo musanditumizire kuti ndichikonze. Chikhale m'manja mwanu.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti ananena zoona ndipo ndidzawapepesa pamaso. Ana muwauze kuti amalume akubwera opanda zoseweretsa ulendo uno, koma akhalitsa. Amayi muwapatse moni wanga wonse, muwakumbutse kumwa mankhwala a mwendo. Akafunsa za zithunzi musandinamire, bodza langa lakwana. Mungoti, "Akubwera, mudzamufunse yekha."

Mundipempherere kuti ndisatsike basi panjira.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
Mabatani