Thonje Langa Sinizula

Akulu anga okondedwa,

Muli bwanji kumeneko ku Kitwe, pamodzi ndi alamu anga? Kuno ku Chongwe tili bwino, koma bondo la amayi likuvutabe.

Thonje langa linagwidwa ndi tizirombo toyera ngati ufa, masamba n'kuyamba kufota. Amake Luka, aja tinagundana nawo munda, anayamba kulengeza kutchalitchi kuti ife a kum'mawa ndife tinabweretsa tizirombo ndi mbewu zathu. Anafika mpaka pakhomo panga, akuti, "Zulani thonje lonse mutenthe, mutiphera minda."

Ninawayankha kuti, "Sinizula kanthu mpaka nidziwe kuti kachirombo aka n'kandani."

Alangizi anabwera ndi ofufuza a ku Lusaka. Anati tizirombo totere timafanana kwambiri, maso sangasiyanitse, pafunika kuyeza DNA, imene imaonetsa mtundu weniweni wa chamoyo. Anatola tina pathonje langa n'kuika m'kabotolo ka sipiriti. Asanakwere galimoto, ninawatsogolera kumpanda wa maluwa ofiira a amake Luka, aja anagula m'mbali mwa msewu kutauni. Nawonso anali ndi tizirombo toyera. Ninati, "Tolaninso apa."

Yankho labwera tsopano. Tizirombo ta pamaluwa ndi ta pathonje ni mtundu umodzi, wachilendo, wochokera kutsidya kwa nyanja. Tizirombo timeneti sitinabadwire kwathu kum'mawa ku Petauke.

Munitumizireko mankhwala a bondo la amayi. Mulungu akusungeni nonse. Thonje langa lili chiimire, nikulipopera. Ofuna kuzula ayambe ndi maluwa awo.

Ndine mng'ono wanu,
Tisa