Mawondo a Vainess

Mississauga
16 Okutobala 2022

Oonera vidiyo: 41,206
Otukwana: 912
Oyamikira: 1,340
Odzipereka kumugogodera m'makomo popempha mavoti: poyamba 7, lero 63
Masabata amene Vainess sanadye kwanga: 5

Okondedwa achemwali Hilda,

Ndikhulupirira miyendo yanu ikupezako bwino ku Zombako. Kuno masamba ayamba kuyoyoka.

Munamva kuti mwana wanu Vainess akupikisana nawo pa ukhansala, koma izi simunamve. Pa chinkhoswe cha Tiyanjane ndi Solomon ku Markham, Vainess anagwada posambitsa m'manja amalume ake a Solomon, monga tinamuphunzitsira. Wina anajambula, vidiyo n'kufalikira. Anthu akuno anati mkazi wogwadira mwamuna sangatsogolere anthu. Wopikisana naye anazinena pa wailesi katatu.

Ine ndinati apepese, iye anakana. M'mawa mwake anagwada pamalo okwerera basi kuti ayang'anane maso ndi bambo wina woyenda pa njinga ya olumala. Lachinayi anagwada poyeza dzenje la mumsewu, atolankhani ali pambuyo. Akamufunsa za mawondo amayankha masekondi khumi, kenako mphindi zinayi za mabasi ochedwa. Ndimayeza ndi wotchi. Amene sankadziwa dzina lake, pano akulidziwa.

Achemwali, wojambulayo ndine. Ndinkafuna kutumiza kwa inu kuti muone kuti mwana sanataye mwambo, koma chala chinagwera pa gulu la pa foni la Amalawi, la anthu 318. Masabata asanu ndinangokhala chete n'kumawerenga manambala, iyenso osabwera.

Dzulo ndinakwera mabasi awiri mpaka ku ofesi yake.

"Mwanangu, ndabwera kudzaulula."

"Za vidiyo? Amayi, ndinadziwa tsiku lomwelo. Mukumveka mukuwerenga mbale."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimadikira mubwere nokha. Onse onditukwana aja sanandilize ayi. Koma inu kukhala chete."

Anandikokera mpando, ndinakhala, iye n'kugwada pambali panga. Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe wojambula ngakhale mmodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Vidiyoyo ndikutumizirani tsopano, ndi chilolezo cha mwini wake, ndipo dzina lanu ndaliwerenga kawiri ndisanadine. Mukaiona, mumupempherere.

Masiku otsala kuti anthu avote: 8
Kaya apambana: sindikudziwa
Mbale zimene ndaika patebulo masana ano: 2

Ndine mng'ono wanu,
Anastazia