Mapuloni a Yohane akukwawira kumtunda

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha, nkhuku zangoti kukamwa yasa.

Mwana wanga Yohane wapita ku Lilongwe kukakambirana ndi a mahotela za mapuloni ake, tinkhanu tandevu tija tinamusiyitsa kulima fodya. Damu loweteramo mapuloniwo wasiyira ine.

Masana ndapeza aPhiri, aneba athu, akutsuka pampu yopopera mankhwala ku nazale ya fodya, m'kamtsinje komwe kamathira m'damu lathu. Ndati, "APhiri, madziwotu akupita kwa ziweto za mwana wanga!"

Aseka. "Madala, tizilombo timeneto ndi ndiwo ngati?"

Madzulo ano achule ali zii. Timapuloni tikukwawira kumtunda, tina tagona chagada m'matope.

Yohane waimba foni: "Bambo, kuno atilandira bwino! Kumeneko kuli bwanji?"

Ine wolongolola uja, ndangoti, "Bwera msanga."