Mbatata Ikadali Pamoto

Cumbria, ku Mangalande
Okutobala

Okondedwa Achimwene a Wemin,

Landirani moni wochokera kuno kozizira. Kodi muli bwanji kumeneko ku Kundiawa, inu ndi alamu anga amayi a Dilu? Nanga msana uja ukukulolani kukwera kumunda wa khofi? Ife kuno tilipo. Mlamu wanu Hazel ali bwino, ndipo kamtsikana kathu Ambai kayamba sukulu, kakulankhula Chingerezi cha m'mphuno choti ine bambo wake ndimachita kufunsa kawiri. Bondo langa ndi lomwe lija, limandiuza za mvula wailesi isananene.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga simukuyankha. Ikangoitana mumapatsira alamu, iwo n'kunena kuti muli kumunda, chonsecho ndikukumvani mukutsokomola pambali. Chifuwa chanu ndimachidziwa, Achimwene. Mlongo wathu Dirua wandiuza zimene zikukambidwa pamsika, zoti ine Kiage ndachita nsanje, ndachotsa mwana wanu Dilu mu timu poopa kuti angandipose dzina. Akuti inunso simunatsutse. Zandipweteka kwambiri, sindibisa. Ndiye khalani pansi mumve kwa mwiniwakene.

Mukukumbukira mmene munandiphunzitsira ragibi kuseri kwa tchalitchi, mpira wake uli botolo lapulasitiki lodzaza udzu? Munkandigwetsa mopanda chisoni, kenako n'kundiimirira pamutu n'kufunsa kuti, "Wafa kodi?" Ine, dothi lili m'kamwa, ndinkayenera kuyankha kuti, "Ndife bwanji mbatata ikadali pamoto?" Ndikayankha, masewero ankapitirira. Ndikangoti kakasi, munkandibereka kupita nane kwa amayi, iwo n'kukuthamangitsani ndi chikuni.

Mawu amenewo ndinapita nawo ku Moresby, likulu la dziko lathu, ndinabwera nawonso kuno. Zaka zonse zimene ndinavala jezi ya nambala teni, ntchito yanga inali kuthamangira pachifuwa pa zimphona. Masiku amenewo ukagunda mutu ankangobwera ndi chinkhupule cha madzi ozizira, kukupukuta kumaso, basi bwerera m'bwalo. Ine ndinkadzifunsa ndekha funso lanu lija, kudziyankha, n'kudzuka. Anthu a kuno anandikonda nazo. Mawondo atatha anandipatsa ana kuti ndiziwaphunzitsa, kenako anandipatsa timu yaikulu.

Dilu ndinamuitana kuno ndine, ndipo sanandichititse manyazi. Mwana uja amathamanga, Achimwene! Zoti amandiposa ndi zoona, amandiposa kutalitali, ndipo ndimanena poyera. Agogo a m'tauni muno amapikisana pomulukira zipewa. Koma chaka chino anali atagunda kale mutu kawiri, ndipo kachitatu ndi kamene ndikufuna ndikufotokozereni.

Anali masewero otilowetsa mu fainolo. Titatsala pang'ono kukapuma, bondo la mnyamata wa timu inayo linamupeza m'mbali mwa mutu. Anagwa, anadzuka yekha, bwalo lonse n'kuwomba m'manja. Masiku ano lamulo ndi loti dokotala amutengere m'chipinda n'kumufunsa mafunso, monga tili pabwalo liti, wagoletsa komaliza ndani, sabata yatha tinasewera ndi ayani. Koma anyamatawa ndi akathyali, mafunsowo analoweza kalekale. Dilu anayankha onse bwinobwino. Adokotala athu, mayi woleza mtima, ankangomuyang'anabe m'maso, akuoneka kuti sakukhutira.

Ine ndinagwada patsogolo pake n'kumufunsa m'chinenero chathu kuti, "Wafa kodi?" Funso lomwe lija munkamufunsa inu asanamere mano onse, limene amandiyankha tsiku ndi tsiku pokonzekera masewero, mpaka azungu a mu timu analoweza yankho lake osadziwa tanthauzo. Anandiyang'ana ngati mlendo wofunsa njira. Kenako anayankha m'Chingerezi, mwaulemu, kuti ali bwino bwana, akhoza kubwerera m'bwalo. Ndinafunsanso. Anangomwetulira, osadziwa chimene ndikufuna. Ndinauza adokotala zimene ndaona, ndipo jezi ija ndinamuvula ndi manja angawa.

Tinaluza, inde. Akuluakulu a timu anandikwiyira, ndipo mdala wina m'sitolo anandifunsa ngati ndasiya ukochi n'kuyamba unamwino. Zimenezo sindinasamale nazo. Chimene chinandilasa ndi Dilu mwiniwake atatsitsimuka. Anati bambo aang'ono mwandiphera tsogolo, inuyo munasewera mpaka mano kutha m'kamwa, anakuletsani ndani? Ndinamuyankha kuti palibe, ndipo vuto lake ndi limenelo.

Ndikuuzeni chinthu chimene akuchidziwa Hazel yekha. Mwezi wathawu ndinapita kukatenga Ambai kusukulu. Pobwerera ndinaima pamphambano, mwana ali kudzanja, osadziwa kuti nyumba yanga ili mbali iti. Msewu woti ndauyenda zaka ndi zaka! Kamwanako ndi kamene kanandikoka, kakuseka, kakuyesa kuti ndi masewero. Maina a anzanga amene ndinasewera nawo amandithawa, ndipo nthawi zina ndimakalipira Hazel popanda chifukwa. Imvi zangoyamba kumene, koma mutu wakalamba kale. Ndikuopa, Achimwene.

Madokotala a kuchipatala chachikulu amupima Dilu. Akuti akapuma mutu wake uchira, koma akadzagundanso sangalonjeze kanthu, ndiye za kusewera aiwale. Analira ngati khanda, ine n'kulira naye. Panopa mtima wayamba kukhala pansi. Loweruka amandithandiza kuphunzitsa ana, ndipo amamumvera kuposa ine, chifukwa iye sakalipa. Akuti akufuna kubwera kumeneko pa Khirisimasi, adzayambitse timu ya ana kuseri kwa tchalitchi komwe kuja.

Koma akuopa inu. Akuti adzatsika bwanji basi, pomwe pochoka munamuphera nkhumba, fuko lonse n'kumunyamula pamapewa mpaka kumsewu? Akuti bambo ake adzamuyang'ana ngati munthu wothawa nkhondo. Ndamuuza kuti sakukudziwani bwino, ukali wanu ndi wapakamwa chabe. Musandisandutse wabodza.

Pempho langa ndi limodzi. Ine mukhoza kupitiriza kunditsokomolera pafoni, ndipirira. Koma mwana akamadzatsika basi yochokera ku Goroka, mudzakhalepo inuyo, osatuma munthu. Musadzamufunse za jezi kapena za chikho. Lamuloli munakhazikitsa ndinu, loti mwana akalephera kuyankha, masewero atha, amaberekedwa kupita kwa amayi ake. Ine ndangochita zimene munandiphunzitsa, kungoti ulendo uno mtunda watalika.

Dzulo tikudya ndinamuyesanso Dilu funso lija. Anayankha chakudya chili m'kamwa, mawu onse osaphonya, n'kuwonjeza kuti koma mbatata ya mu uvuni wa Hazel ndiye munthu akhoza kufa n'kuisiya. Hazel anamugenda ndi kansalu kopukutira mbale. Ine ndinanamizira kukataya zinyalala panja kuti asaone misozi. Choncho mukadzamuona mudzamufunse nokha, adzakuyankhani. Alamu adzaike mbatata paphulusa m'mamawa, kuti mwana asadzaname.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa mlongo wathu Dirua ndi ana ake, kwa amalume a Gende, ndi kwa azakhali a kutsidya kwa mtsinje. Hazel akuthokoza chifukwa cha chikwama choluka chija, amapita nacho kulikonse. Ambai akuti muwauze atate ake aakulu kuti akudziwa kale kugwetsa anyamata.

Chaka chamawa ndikufuna kubwera nanenso. Mudzandifunse funso lija, Achimwene. Ndikadzangoti kakasi musadzakwiye, ndipo musadzavutike kundibereka, msana wanuwo sungathe. Mudzangondigwira dzanja n'kupita nane kunyumba.

Ndine mng'ono wanu amene sanafe,
Kiage