Babu Losapsa

Dzivarasekwa, Harare
9 Juni 2024

Okondedwa achemwali anga Adelaide,

Ndikhulupirira muli bwino ku Balakako pamodzi ndi alamu. Ine ndilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chandilowa m'mawondo. Tomato pamsika akuyenda pang'onopang'ono, koma sitigona ndi njala.

Nomatter, mwana wanga wa ku Joni uja, ananditumizira mababu atsopano otchedwa LED. Akuti dziko lonse lasiya akale aja, ndipo sananame, ngakhale m'matakishopu muno simungawapeze. Atsopanowa sadya magetsi, satentha, amangowala mbee ngati m'chipatala. Ndinamuthokoza mwanayo. Nanga mphatso ya mwana n'kuinyoza?

Koma achemwali, mababu amenewa sapsa, ndipo vuto langa lagona pamenepo.

Mukuwakumbukira a Fackson a ku Ntcheu, amene tinkakhala nawo kufamu ya fodya? Akazi awo anamwalira chaka chomwe ndinaika bambo a Nomatter. Mumsewu wathu wonse, olankhula Chichewa tatsala awirife. Adzukulu ndikawalankhula amandiyankha m'Chishona, pena kundiseka kumene. Tsono mababu akale aja sankachedwa kupsa, magetsi akangothima n'kubwera mwamphamvu, basi lapita. Ine kukwera pampando sindingathe, ndiye ndinkatumiza mawu kwa a Fackson. Ankabwera atavala jekete ngati akupita kuukwati. Ntchito yake ya kamphindi, koma tiyi tinkamwa mpaka dzuwa kupendeka, tikukamba za kufamu ndi za anthu amene anatisiya.

Mwambo wathu mukuudziwa, mwamuna salowa m'nyumba ya mkazi wamasiye popanda chifukwa chooneka. Chifukwa chathu chinali babu. Anthu akaona bambo aja atakwera pampando, pakamwa pawo pankatsekeka.

Mababu atsopanowa a Fackson anandiikira okha dzinja lapitali. Kuyambira pamenepo kuli zii. Timangopatsana moni kutchalitchi ngati alendo. Sabata yatha ndinalephera kupirira, ndinawatumizira mawu akuti babu la kukhitchini likuphethira. Anabwera, analiyatsa, kulithimitsa, kuliyatsanso.

"Mayi, ili lilibe vuto," anatero. "Mababu awa ndi amene adzatiike m'manda."

Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamwamba chabe. Ketulo inali itawira kale. Iwo atasuzumira panja anaona mayi Tsitsi, oyandikana nawo nyumba, atatsamira mpanda, tsache lili m'manja koma osasesa. Anatola chipewa chawo.

"Ndapita, mayi, angatiyambe anthu."

Tiyi uja ndinamwa ndekha, makapu onse awiri.

Ndasungulumwa, achemwali, ndinene mosabisa. Musandiseke, si banja ndikufuna ayi. Pa msinkhu uno? Ndikungofuna munthu wondifunsa kuti ndadzuka bwanji m'chilankhulo cha amayi athu.

Tsono pempho langa nali. Ndamva kuti m'misika ya kumudzi akale aja akupezekabe mwa apo ndi apo. Mundifunireko angapo, ndipo musankhe achabechabe enieni, amene ngakhale wogulitsa sangawalumbirire. Muwakulunge m'chitenje asasweke panjira, muwapatse a Bothwell, oyendetsa basi ya ku Harare aja. Nomatter musamuuze, angamve chisoni.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. A Fackson akanapereka wawo moni, ndikudziwa, koma sindikudziwa kuti ndidzakhala nawo pansi liti kuti ndiwauze zoti ndakulemberani.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Melina