Lereko sakwera minibasi ya mwezi uno

Ceres,
Meyi.

Okondedwa achemwali anga a Tlalane,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Muli bwanji kumeneko ku Quthing, inu ndi alamu ndi ana? Nanga mawondo a amayi, poti kwayamba kuziziraku? Ife kuno tiliko, koma mtima wanga sunakhale m'malo. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula mawu.

Kuthyola maapozi kwatha. Masamba afiira, akuyoyoka, ndipo mvula yozizira ija yayamba. Aganyu akubwerera kwawo gulu ndi gulu. Apitanso amayi a Thabang, aja ankandisungira Lereko ine ndikakhala kushedi yolongedzera zipatso.

Mwana wanuyo mukumudziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri, koma sanatulutsepo liwu, ukamuitana satembenuka, ndipo kanthu kakasintha pang'ono amavutika kwambiri. Chichokereni mayiwo, m'mawa uliwonse amakaima pakhomo pawo n'kumamenya chitseko ndi chikhatho. Juzi akuikana. Ndikamuveka amaivula ngati ili ndi chitedze, ndiye akuyenda ndi kamalaya kamodzi kuzizira konseku.

Loweruka lapitali masana ndinatuluka kukaanula zovala mvula itayamba kuwaza. Pobwerera ndinapeza mlongo wake Puleng akusewera yekha, chitseko chili chotsegula. Achemwali, mwana wosayankha mumamuitana bwanji? Anthu a mzere wonse wa nyumba zathu anatuluka kukafuna. Alamu anu a Motlatsi anathamangira kumsewu waukulu, ine ndinalowa m'minda, ndikuyang'ana pansi pa mtengo uliwonse.

Anamupeza ndi a Plaatjies, achikulire oyendetsa thirakitala. Anali m'mphepete mwa damu lothirira minda, mapazi ali m'madzi, akuponya masamba limodzilimodzi n'kumawayang'ana akuyandama. Achikulirewo amadziwa kuti mwanayu ukamugwira mwadzidzidzi amathawa. Choncho anangokhala pambali pake, mvula ikuwanyowetsa, nawonso akuponya masamba, mpaka ife tinafika. Nditagwada kuwathokoza anati, "Dzuka, mwanawe, wadetsa siketi. Thokoza kuti lero sindinalawe mowa, bwenzi mukuvuula anthu awiri."

Tsiku lomwelo alamu anu ananena kuti basi, zakwana, mwana apite kumudzi. Mukudziwa kuti amayi akhala akumupempha, akuti akafika kwawo n'kumuphera nkhosa lilime limasuka. Osandifunsa n'komwe, bamboyu anawaimbira kuti Lereko akwera minibasi yomaliza ya aganyu kumapeto kwa mwezi. Ndinamva amayi akululutira pafonipo.

Ine ndinakana. Ndinawafunsa alamu anuwo kuti ngati watithawa ife anthu amiyendo yolimba, amayi adzamuthamangitsa bwanji m'maphompho aja, mtsinje uli pafupi chonchija? Komanso kuno kuchipatala kuli mayi wina akumuphunzitsa kupempha zinthu ndi zithunzi. Mwezi watha anandibweretsera yekha chithunzi cha kapu, ndipo nditamupatsa madzi anamwa. Kwa ena n'zochepa, koma kwa ine kanali koyamba mwana wanga kundiuza chimene akufuna. Alamu anu anati zithunzi sizivuula mwana m'damu. Apo ananena zoona.

Tinatha masiku osalankhulana. Chakudya ndinkangowaikira patebulo. Puleng, ndi kuchepa kwake konse, anandifunsa ndikumusambitsa kuti kodi iyenso akasochera timutumiza kwa agogo? Bambo ake anali pakhomo akuvula nsapato, ndipo anamva.

Komabe Lachitatu anapita kukasungitsa malo kwa woyendetsa minibasi uja. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi mkazi wa mnzawo amene anapita naye. Woyendetsayo atamva za mwanayo anaseka n'kunena kuti, "Aaa, kamisala kanu kaja? Palibe vuto, akulu. Kakavuta tikamanga ndi chingwe cha katundu, kakafika bwinobwino." Akuti alamu anu anangomuyang'ana, kenako n'kutembenuka osatsazika.

Anafika kunyumba atasenza mitengo yakale ya mpanda imene anapempha kwa kapitawo. Anatenga chokumbira n'kuyamba maenje kuzungulira nyumba, mvula ikugwa. Nditawapititsira tiyi anati, "Mayi a Lereko, tandigwirirani mtengowu uime chilili." Ndinagwira. Mmenemo ndi mmene tinagwirizanirana, ndipo za minibasi sanazitchulenso.

Mpanda waima tsopano, koma musaganize kuti ndapuma. Lereko amauzungulira tsiku lonse, akugwedeza waya, kufuna polowetsa chala. Ndi wochenjera, tsiku lina adzaupeza mpata. Ndiye ine ndasiya ntchito kushedi kuti ndizikhala naye mpaka amayi a Thabang adzabwere nyengo yothyola ikadzayambanso, ngati adzabwere. Kapitawo wathu wamkazi anandiuza mosabisa kuti malo anga sangandisungire. Nyengo yozizirayi tiidutsa ndi dzanja limodzi la alamu anu, ndipo zimene tinkatumiza kumeneko zichepa. Ndikamaganiza zimenezi ndimangoyendayenda m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi sakudziwabe kuti mwana sabwera. Ndamva kuti nkhosa asankha kale, ndipo auza mpingo wonse kuti mdzukulu wawo akubwera. Alamu anu akuopa kuwaimbira, inenso ndikangomva mawu awo ndilira, ndipo ndikhoza kuvomera zimene sindikufuna. Chonde pitani nokha, mukakhale nawo pansi, mukawauze maso ndi maso tsiku la minibasi lisanafike. Ndikuopa kuti angakaime pamsewu ndi bulangete lawo m'chisanu, kudikira mwana amene sanakwere.

Mukawauze kuti sitikuwamana mdzukulu, ndiponso sitikuchita naye manyazi. Akakwiya, asakwiyire mkamwini wawo. Wakana ndine, mwana wawo, ndipo liumali akudziwa kumene ndinalitenga. Pa Khirisimasi, Mulungu akalola, tidzabwera naye tonse, ine nditamugwira dzanja, ndipo tidzabwerera naye.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa malume ndi azakhali akumtunda, ndi kwa ana onse. Alamu anu akupereka moni. Puleng akuti muwauze abale ake kumeneko kuti tsopano amatha kumanga yekha zingwe za nsapato, ngakhale ndi bodza.

Mundiyankhe msanga mukangochoka kwa amayi, ngakhale atanena zowawa. Musandibisire liwu ndi limodzi lomwe.

Ndine mng'ono wanu,
Likeleli, mayi a Lereko.