Galimoto yofiira ya achimwene

Lachinayi madzulo. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo.

Achimwene atuluka m'chipatala lero, patatha milungu itatu chigwereni pa njinga yamoto pamsewu wa ku Lifuwu. Mkono wamanja ukungolendewera. Adokotala akuti tidikire, koma sananene kuti mpaka liti.

Ndinawatengera kagemu kawo kam'manja, kamene ankasewerapo mpikisano wa magalimoto podikira makasitomala pasiteji ya kabaza. Zaka zonsezi sindinawapambanepo ngakhale kamodzi. Ndimayesa asangalala. Anakaika pantchafu n'kusankha galimoto yawo yofiira, koma chala chodinira batani la moto sichinasunthe. Magalimoto ena onse ananyamuka, yawo ili chiimire pamzere.

"Tenga, ndakupatsa," anatero. "Kwa ine zatha izi."

Ndinakana. Ndinakhala nawo pamkeka n'kunena kuti, "Inu muziwongolera ndi dzanja lamanzere, ine ndiziponda moto."

Tinawomba khoma pakona iliyonse. "Chepetsa moto iwe! Ukufuna undigwetsenso?" anakuwa, mpaka alamu anasuzumira pakhomo. Tinakhala omaliza. Achimwene anaseka pang'ono, kenako anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ndinasowa poyang'ana.

Potsanzikana anandifunsa ngati ndibwerenso mawa kuti tidzayesenso. Ndinavomera. Koma mawa lomwelo kukubwera bambo wina wa ku Maganga kudzaona njinga ija. Alamu akuigulitsa kuti ana adye, ndipo mwini wake sanauzidwe. Alamuwo andipempha kuti wowauza achimwene ndikhale ine. Sindikudziwa kuti ndiwauze tisanayambe kusewera kapena titamaliza, kapena mwina...